Chiponde cha Amayi ndi Chidindo cha Boma

Pali mawu ena amene amamveka bwino m'kalasi koma akafika kumsika amasanduka nthabwala. Amodzi mwa mawu otere ndi akuti mpikisano. Aphunzitsi athu a zachuma amatiuza kuti pamene ogulitsa ali ambiri, aliyense ali ndi ufulu woyala malonda ake, mitengo imatsika, katundu amakhala wabwino, ndipo waulesi ndi wakuba amagwa okha popanda wowakankha. Timalemba zimenezi m'makope, timajambula mizere iwiri yopingasana, ndipo mayeso akabwera timakhoza. Chimene mizere ija siinena ndi chakuti pakhomo la msika pamakhala munthu wa chidindo, ndipo ndi iyeyo amene amanena woti alowe ndi woti abwerere. Ndafuna kulemba za munthu ameneyu pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti banja lathu lakhala likukumana naye kuyambira nthawi ya agogo. Chachiwiri n'chakuti ambiri a ife amene tikuwerenga tsamba lino tikuphunzira kuti tidzakhale pa mpando wakewo.

Agogo anga aamuna adali mlimi wa fodya m'chigawo chapakati. Akamakamba za unyamata wawo sayamba ndi mvula kapena ng'ombe ayi, amayamba ndi mitundu ya fodya. Iwo amati padali fodya wa anthu wamba ndi fodya wa mabwana. Wa anthu wamba adali chikopa, uja woumitsa ndi utsi wa nkhuni. Wa mabwana adali bale ndi uja woumitsa ndi moto wa m'mapaipi. Chodabwitsa n'chakuti mwa mitundu yonseyi, bale ndiye woyenera mmphawi, pakuti safuna nkhuni kapena njerwa: umangoimika chigafa cha mitengo ndi udzu, n'kupachika masamba, mphepo n'kugwira ntchito yotsalayo. Koma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lamulo lotchedwa Special Crops Act lidaika fodya ameneyu m'manja mwa eni maesiteti, anthu okhala ndi malo a lizi. Mlimi wolima pa munda wa makolo ake sankaloledwa kulima bale n'kukamugulitsa yekha ku okushoni.

Tsono amene ankafunitsitsa kulima bale ankatani? Ankasiya munda wake n'kukalembetsa utenanti pa esiteti ya munthu wina. Agogo adachita zimenezi kwa nyengo ziwiri. Khasu lidali lomwe lija, manja omwe aja, luso lomwe lija, koma fodya akauma ankagulitsidwa kwa mwini esiteti pa mtengo umene agogo sadaupangane ndi munthu, ndipo asadalandire kanthu ankayamba achotseredwa ngongole ya chimanga chimene adadya ndi feteleza amene adathira. Ndidawafunsa tsiku lina ngati sadaganizepo zongobzala bale kuseri kwa nyumba. Adaseka n'kundiyankha kuti, "Mdzukulu wanga, kubzala ukadabzala. Nanga ukadamugulitsa kwa yani wopanda nambala?"

Mpanda umenewu sudayambe ndi boma la ufulu. Mu 1926 atsamunda adakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, limene linkalemba m'kaundula alimi achikuda a fodya ndi kunena misika imene angagulitsireko. Chifukwa chimene chidaperekedwa chidali chomveka: kuteteza ubwino wa fodya wa dziko lino kuti ogula akunja asamunyoze. Koma m'bungwemo munkamveka kwambiri mawu a azungu a maesiteti, amene iwonso adali pa malonda a fodya omwewo. Maina a mabungwe adasintha m'kupita kwa zaka. Mu 1962 kudabwera Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 kudabadwa ADMARC. Chimene sichidasinthe ndi chakuti mlimi wamng'ono adali ndi wogula mmodzi yekha wa fodya ndi thonje lake.

Kunena chilungamo, ADMARC idachita zabwino zimene akuluakulu amazikumbukirabe. Idali ndi misika pafupi ndi midzi, inkagula pa mtengo umodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo nthawi ya njala anthu ankapeza chimanga. Koma mtengo umene inkalipira mlimi wa fodya udali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inkapeza ku okushoni, ndipo phindu lotsalalo lambiri lidapita kukakuza maesiteti ndi makampani aakulu, kuphatikizapo Press Holdings ya Dr Banda. Akatswiri awiri, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adalemba za zimenezi mu 1982, n'kusonyeza momwe thukuta la mlimi wamng'ono lidamangira chuma cha mlimi wamkulu. Makolo athu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pamene wolemba lamulo, wogula mbewu ndi mwini esiteti akudyera m'mbale imodzi, mlimi akadandaule kwa yani?

Umboni woti mpandawo sudali woteteza ubwino wa fodya wokha udaoneka pamene udagwetsedwa. Mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu zambiri kwa alimi, ndipo kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale. Pomafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bale wambiri wa dziko lino ankachokera m'minda ya anthu omwe aja ankanenedwa kuti sangathe. Zovuta zidalipo, ndipo ogula adadandaula za zinyalala zopezeka m'mabelo ena. Komabe luso lidalipo kale m'midzi. Chimene chidalibe ndi chilolezo.

Nkhani ya masitolo nayo ili ndi phunziro lake. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, ndipo pofika 1978 adatsala m'mizinda inayi: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Cholinga chimene chidanenedwa chidali choti Amalawi eni nthaka atenge malondawo. Ena adayesadi. Koma sitolo si khonde ndi mashelefu okha ayi. Imafuna mpamba, galimoto yotutira katundu, ndi wina wokukhulupirira kuti akupatse katundu pa ngongole. Zimenezi lamulo silidapereke. Masitolo ambiri adatsekedwa, ndipo bwalo lidatsalira makampani aakulu monga Chipiku ndi PTC. Aliyense woyenda m'misika yakale ya m'maboma adaonapo nyumba zija za makonde aatali, zina zitasanduka mosungira chimanga, zina zongogonamo mbuzi. Kuchotsa wopikisana naye ndi cholembera sikudamukweze wamng'ono. Kudangomupatsa bwana wina.

Izi si za kuno kokha. M'chaka chomwe ADMARC inkabadwa, 1971, katswiri wa zachuma wa ku Chicago, George Stigler, adalemba kuti kawirikawiri malamulo oyendetsera malonda amagwidwa ndi amalonda aakulu omwewo n'kumawatumikira iwo, makamaka powatsekera khomo ofuna kulowa. Ku Peru, Hernando de Soto ndi anzake adayesa kulembetsa kafakitale kosoka zovala mu mzinda wa Lima motsata lamulo lililonse, ndipo zidawatengera masiku 289. Nditamva zimenezi m'kalasi sindidadabwe. Ndidangozindikira kuti chinthu chimene ndidachiona kwathu chili ndi dzina m'mabuku.

Amayi anga amapanga chiponde. Amagula mtedza nthawi yokolola, amausankha pa lichero njere imodziimodzi, amaukazinga, amaufikisa kuti makoko achoke, kenaka amaugaya pa kamakina kamene adagula ndi ndalama za ku banki mkhonde. Amathira kamchere pang'ono basi, osaika shuga kapena mafuta. Mabotolo amawatsuka ndi madzi otentha n'kuwayanika padzuwa. Ogula awo ndi aphunzitsi, anamwino ndi anansi. Sopo amene ndimachapira pano pa koleji, nsapato zimene ndavala, ndi ndalama ya basi yobwerera kumudzi, zonsezi zimachokera m'mabotolo amenewo.

Chaka china adaganiza zokuza malonda. Adavala chitenje chawo chatsopano, adanyamula mabotolo atatu m'kabasiketi, n'kupita ku sitolo ina yaikulu m'tauni. Mkulu wa pamenepo adawalandira mwaulemu, adatsegula botolo limodzi n'kulawa.

"Mayi, chiponde chanuchi chikuposa chimene tili nacho pa shelefu," adatero. "Koma chidindo chili kuti?"

Adawalembera pa kapepala zofunika. Bizinesi ilembetsedwe. Pakhale nambala ya msonkho. Pakhale layisensi ya khonsolo. A zaumoyo ayendere malo opangira chakudyacho. Chiponde chikapimidwe ndi kulandira chidindo chosonyeza kuti n'choyenera kudyedwa. Botolo likhale ndi pepala losindikizidwa lonena zimene zili m'katimo ndi tsiku lothera mphamvu, ndiponso timizere tija timene makina a pa kauntala amawerenga. Munthuyo sadali wankhanza. Naye ali ndi omuyang'anira, ndipo akaika pa shelefu chakudya chopanda chidindo ntchito ingamuthere.

Nditapita kutchuthi amayi adandipatsa kapepalako. "Mwana wanga, iwe ndiwe wa sukulu," adatero. "Tandiuza, pepala loyamba ndi liti?" Tidakhala pa mphasa madzulo onse tikulondola. Pepala lililonse lili ndi ofesi yake, ndipo maofesi ena ali ku mzinda, ulendo wa tsiku lathunthu. Lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo ena amafuna kulipiridwanso chaka ndi chaka. Oyendera malo amafuna nyumba yopangira chakudya yosiyana ndi khitchini ya pakhomo, ya simenti pansi ndi madzi aukhondo pafupi. Kuti amayi amange nyumba yotere afunika ngongole. A banki kuti apereke ngongole amafuna chikole ndi umboni woti pali sitolo yaikulu imene idzagula. Sitolo yaikulu kuti igule imafuna chidindo. Chidindo chimafuna nyumba. Tidazungulira chonchi mpaka nyali idatha mafuta.

Anzanga a masamu andithandize apa. Tingoyerekeza, pongofuna kuona momwe zinthu zimayendera, kuti mapepala onsewa pamodzi ndi maulendo ake amadya K600,000 pa chaka. Fakitale yopanga mabotolo 300,000 pa chaka idzagawa ndalamayi n'kupeza kuti botolo lililonse lasenza K2. Mayi wopanga mabotolo 100 pa mwezi, amene ndi 1,200 pa chaka, botolo lake lidzasenza K500. Lamulo ndi limodzi, mawu ake ndi amodzi kwa onse, ndipo wolilemba angathe kulumbira kuti sadakondere. Koma katundu wolemera mofanana akasenzedwa ndi ng'ombe ndi mbuzi, yothyoka msana timaidziwa. Onjezani apo kuti fakitale ili ndi kalaliki amene ntchito yake ndi yoyenda m'maofesi, pamene mayi uja tsiku limene wapita kukaima pa mzere ndi tsiku limene moto wa pa chiwaya wazima.

Wina anena kuti, kodi mnyamata ameneyu akufuna kuti aliyense azigulitsa chakudya mwachisawawa? Iyayi. Mtedza uli ndi mdani woopsa, chuku. Mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa ponyowa umachita nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso, satha ndi kukazinga, amawononga chiwindi, ndipo amaganiziridwa kuti amathandizira kupinimbira kwa ana. Dziko lino kale linkatumiza mtedza wambiri ku Ulaya, makamaka wa Chalimbana, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zidatitsekera msika umenewo ndi chuku chomwechi. Amayi amasankha mtedza mosamala, koma diso lawo si makina opimira. Kupima n'kofunika, ndipo ine ndikadakonda kuti chiponde chawo chipimidwe mwezi ndi mwezi.

Koma taonani chimene chimachitika pamene khomo la kupimako laikidwa patali. Amayi sadasiye kupanga chiponde. Amayi anzawo ambirimbiri m'dziko muno sadasiye. Onse akugulitsabe pakhomo, kumsika ndi m'maofesi, chiponde chosapimidwa ndi munthu aliyense. Lamulo limene lidalembedwa kuti liteteze wakudya likuteteza okhawo ogula m'masitolo aakulu, amene ndi ochepa ndiponso opeza bwino. Mwana wa kumudzi, amene phala lake limathiridwa nsinjiro za mtedza wotsala posankha, lamulolo silimudziwa. Choncho tataya kawiri. Wamalonda wamng'ono sakukula, ndipo wakudya wamng'ono sakutetezedwa. Amene wapindula ndi mwini fakitale, pakuti shelefu yatsala yake popanda iye kutsitsa mtengo kapena kukonza kakomedwe.

Zitsanzo zina n'zosasowa. Mu 2006 mavenda adachotsedwa m'misewu ya m'mizinda pa ntchito imene idatchedwa Operation Dongosolo. Misewu idayeradi, koma malonda a munthu wogulitsa nthochi ndi mapazi a anthu odutsa, ndipo ukamusunthira kumene anthu sadutsa wamutsekera sitolo ngakhale sudamulande kanthu. Mu 2017 alimi adakolola chimanga chambiri pamene kutumiza chimanga kunja kudali koletsedwa. Mitengo idagwa. Chiletso chidachotsedwa mu Okutobala chaka chomwecho, pamene alimi ang'onoang'ono ambiri adali atagulitsa kale motchipa kwa okhala ndi nyumba zosungiramo ndi ndalama zodikirira. M'nkhani zonsezi cholinga chidali ndi nzeru zake: ukhondo, bata, chakudya chokwanira m'dziko. Koma mtengo wa nzeruzo udalipiridwa ndi amene adalibe mpando pa tebulo pokambirana.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mpikisano pa malonda. Loyamba lidakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mu 2024 kudabwera latsopano. Ndi chinthu chabwino kuti makampani opangana mitengo kuseri kapena onyenga ogula azilangidwa. Koma mdani wa mpikisano si wamalonda wadyera yekha ayi. Nthawi zina ndi fomu ya masamba asanu ndi limodzi yolembedwa m'Chingerezi cha maloya. Nthawi zina ndi ofesi imene ili mtunda wautali kuchoka kumene kuli anthu ofuna thandizo lake. Zimenezi palibe amene amaziimba mlandu, chifukwa palibe munthu mmodzi amene adazipanga ndi mtima woipa. Zidangounjikana, pepala pamwamba pa pepala, aliyense akuonjezera lake ndi cholinga chabwino.

Ine ndikuganiza kuti lamulo lililonse la malonda, lisadasindikizidwe, liziyamba layankha mafunso atatu. Likuteteza yani, ndipo ku chiyani? Wamng'ono kwambiri pa malondawo lidzamudyera ndalama zingati ndi masiku angati? Nanga pamene linkalembedwa, adafunsidwa maganizo ndani? Funso lachitatuli ndilo lalikulu, chifukwa pa misonkhano ya ku mahotela a kunyanja amaitanidwa ndi okhala ndi mabungwe ndi makalata a mitu yosindikizidwa. Mayi wa chiponde amamva za lamulo tsiku limene lamugwira.

Njira zopepukitsira katunduyu si zachilendo. Malipiro angathe kutsata kukula kwa bizinesi, kuti wa mabotolo 100 asalipire ngati wa mabotolo zikwizikwi. Mapepala onse angathe kupezeka pa khomo limodzi pa boma lililonse, olembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Amayi khumi angathe kukhala ndi nyumba imodzi yopangiramo chakudya kudzera m'kopaletivi, n'kupimitsa katundu wawo pamodzi. Pangathe kukhala chidindo cha oyamba kumene, chofuna zinthu zikuluzikulu zokha monga mtedza wouma bwino, madzi aukhondo ndi kupima chuku, zinazo n'kumabwera bizinesi ikamakula. Ndipo woyendera malo angathe kubwera ulendo woyamba ngati mphunzitsi, kulanda katundu n'kukhala chinthu chomaliza. Zonsezi sizichepetsa chitetezo cha wakudya. Zimachifikitsa kumene lero sichifika.

Anzanga, zaka zochepa zikubwerazi ena a ife tidzakhala ku Capital Hill, ena m'makhonsolo, ena m'mabungwe opereka ziphaso. Tidzapatsidwa desiki, cholembera ndi chidindo. Tsiku lina bwana adzatiuza kuti tilembe ndondomeko yatsopano, ndipo njira yapafupi idzakhala kukopera ya dziko lina lolemera n'kusintha dzina pamwamba. Tidzayamikiridwa kuti ndife akatswiri. Amene adzabwere kudzatithokoza adzakhala atavala masuti, ndipo tidzayesa kuti dziko lonse lakondwa, pakuti amene tawatsekera kunja sadzalemba kalata yodandaula. Adzangobwerera kwawo ndi kabasiketi kawo.

Ambiri a ife tidafika pano ndi ndalama za mandasi, za matemba, za kaunjika, za kabaza ndi za thobwa. Tikudziwa mtengo wa tsiku limodzi lotayika pa mzere, chifukwa tidagonapo ndi njala chifukwa cha tsiku lotere. Chidziwitso chimenechi sichili pa silabasi, ndipo palibe adzatifunse pa mayeso. Koma ndi chokhacho chimene tili nacho choposa cha alangizi obwera pa ndege, ndipo chimatha msanga munthu akayamba kulandira malipiro a pamwezi. Tisadasainire fomu yatsopano, tiziyamba taiwerenga ngati kuti woidzaza ndi amene adatilipirira sukulu, ali ndi Sitandade 6 yake, ndalama ya basi ya ulendo umodzi, ndi mtedza umene ukudikira pa chiwaya.